Thunthu la Kabwato Kosema: Luso la Amisiri a ku Northmead ndi ku Kabwata

Thunthu la bwato ndi mbali ija imene imagona pamadzi: mimba, nthiti, mphuno ya kutsogolo ndi thako la kumbuyo. Zina zonse, kaya ndi mipando, nkhafi, matanga kapena denga, zimangokwera pamwamba pake. Ndi mmenenso zilili ndi kabwato kamtengo kofanizira, kaja kamene munthu amanyamula ndi dzanja limodzi n'kukaika pa shelefu m'chipinda chochezera. Mmisiri akalakwitsa thunthu, penti ndi zokongoletsa sizingabise cholakwacho kwa munthu amene anakwerapo bwato. Akalikhoza, kabwatoko kamaoneka ngati kali paulendo ngakhale kali phee pa thabwa louma.

Mu Lusaka timabwato totere timapezeka pakati pa zosemasema zina. Pamsika wa Northmead, pafupi ndi msewu wa Great East, pali ogulitsa njovu, mvuu, mbale zamtengo, ndodo ndi ng'oma, ndipo wofunafuna bwino amapeza kabwato katabisala kuseri kwa zimenezi. Ntchito yosema imene imaonekera bwino ku Kabwata Cultural Village, mumsewu wa Burma, kumene amisiri amasemera pabwalo anthu akuona. Nyumba zozungulira zofolera ndi udzu za pamalopo zinamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kuti muzigona antchito achikuda. Zambiri zinagwetsedwa, koma 43 zinatsala, ndipo mu 1974 malowo anasanduka mudzi wa zaluso. Lamulungu zosema zomwezo zimayalidwanso pamsika wa ku Arcades.

Lusaka ndi mzinda wopanda mtsinje woti bwato n'kuyendapo. Uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,300, ndipo mtsinje wa Kafue uli makilomita oposa 40 chakummwera. Koma chichokereni likulu ku Livingstone mu 1935, mzindawu wakhala ukulandira anthu ochokera kumadzi onse a dera lino: kuchigwa cha Barotse, ku Bangweulu, ku Mweru ndi ku Luapula, ku Mpulungu, ku Luangwa, ndi ena ochokera kunyanja ya Malawi. Mabwato awo anatsala kumudzi. Chimene chinabwera m'tauni ndi chithunzi cha bwato cha m'mutu, ndi manja amene anagwirapo nkhafi. Kabwato kosemedwa ku Kabwata n'kukagulitsidwa ku Northmead kamachokera m'chikumbukiro chimenecho, ndipo n'chifukwa chake funso loyamba la mmisiri silikhudza mtengo kapena chida. Limakhala lakuti: bwato limene akufuna kufanizira ndi la madzi ati?

Funsoli n'lofunika chifukwa mabwato safanana. Bwato la kunyanja ya Malawi lili ndi mimba yozungulira ndi milomo yopindikira m'kati, moti pakamwa pake m'popapatiza. Msodzi amakhala pamilomo, miyendo yokha ili m'kati, ndipo funde likamenya m'nthiti madzi olowa amachepa. Ndilo bwato limene siginala, msodzi wokopa nsomba ndi kuwala, amakwera ndi nyale zake usiku wopha nsomba ndi khoka la chilimira pokaitana usipa. Bwato la Alozi, limene iwo amati mukolo, ndi lalitali, lowonda ndi losazama, chifukwa limayenda m'madzi odekha a m'chigwa, m'kati mwa udzu ndi bango, ndipo opalasa amaimirira. Boti lamatabwa lili ndi msana pansi ndi nthiti zoonekera m'kati. Sitima ngati Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba maulendo mu 1951, ili ndi mphuno yakuthwa yong'amba madzi. Mmisiri amene amasakaniza zonsezi, n'kutulutsa chinthu chonga nthochi yokumba pakati, wasema mbale yaitali. Zoterezi zachuluka pamisika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zimagulidwa ndithu.

Bwato likasankhidwa pamabwera nkhani ya muyeso. Kabwato kabwino kamachepetsa mbali zonse mofanana. Bwato la mamita 6 likachepetsedwa kakhumi limakhala la masentimita 60, ndipo m'lifupi ndi kuzama kwake nazonso zimachepa kakhumi. Ilala ndi yaitali mamita pafupifupi 52, choncho ikachepetsedwa ka 100 imakwana pa tebulo ndi masentimita 52. Kulemera kokha n'kumene kumasokoneza ambiri, chifukwa sikuchepa kakhumi ayi. Kumachepa katatu motsatizana, m'litali, m'lifupi ndi m'kuzama, ndiye kuti bwato likachepetsedwa kakhumi, kulemera kwake kumachepa ka 1,000. Ngati bwato lenileni pamodzi ndi anthu ndi katundu wake likulemera makilogalamu 500, kabwato kake kayenera kulemera magalamu 500 okha kuti kamire pamlingo womwewo. Nthiti zochindikala masentimita 3 zimasanduka za mamilimita 3. Apa mpamene luso limayesedwa, pakuti kusema mtengo mpaka kupyapyala chotero osauboola kumafuna dzanja lodekha.

Amisiri ambiri a ziboliboli sajambula pa pepala. Amayang'ana chipika, n'kulembapo ndi khala kapena pensulo, n'kuyamba. Pa njovu kapena mvuu zimenezi zimatheka, chifukwa nyama ikapendekeka pang'ono imaoneka yamoyo. Bwato likapendekeka limaoneka lodwala. N'chifukwa chake pamafunika zithunzi zitatu: bwato poliona cham'mbali, poliona kuchokera pamwamba, ndi polidula pakati ngati mmene amadulira chinangwa. Chachitatuchi chimajambulidwa malo angapo, pamphuno, paphewa, pamimba ndi kuthako. Chithunzi chilichonse chimadulidwa pa katoni n'kukhala ngati kachikombole koyesera. Katoni imodzi imayesa mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo ndi njira yokhayo yotsimikizira kuti nthiti zikufanana. Diso limanyenga, makamaka la munthu amene wakhala akuyang'ana chipika chimodzimodzi tsiku lonse.

Pa mitengo, mfumu ndi mlombwa, umene ku Zambia amati mukwa. Ukadulidwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Mtima wake ndi wofiirira, umasemeka bwino, chiswe sichiukonda, ndipo ukauma sukhwinyata kwenikweni. Mabwato enieni, ng'oma ndi zitseko zakhala zikupangidwa ndi mlombwa kuyambira kale, ndipo mbale zamtengo za Alozi, zija za chivindikiro chokhala ndi nyama kapena mbalame pamwamba, zinatchuka nawo. Mbawa nayo ndi yabwino, imapereka matabwa ofiira opepukirako. Muwanga, umene m'Lusaka amati mubanga, ndi mukusi wa m'nkhalango za kumadzulo ndi mitengo yolimba kwambiri ndi yolemera. Kabwato ka pa shelefu kamakongola nayo, koma ka pamadzi kamakhala kozama mopitirira, ndipo tchizulo imabuntha msanga. Jakaranda, amene amadzaza misewu ya Lusaka ndi maluwa ake mu Sepitembala ndi Okutobala, ali ndi thupi loyera, lofewa ndi lopepuka, moti nthambi yake yodulidwa m'mbali mwa msewu ndi sukulu yabwino kwa wophunzira. Paini wochokera m'minda ya mitengo ya ku Copperbelt amapezeka mosavuta pamsika wa Buseko, ndipo zidutswa zotsala kwa akalipentala a ku Kalingalinga zimakwanira kabwato. Vuto lake ndi mfundo, zimene zimaphotchola tchizulo.

Mitengo yabwinoyi ikusowa. Nkhani ya mukula, m'bale wake wa mlombwa amene anadulidwa mosasamala n'kumatumizidwa kunja, inachititsa kuti mu 2019 mtengowo uikidwe pa mndandanda wa CITES wa zachilengedwe zimene malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa. Mu 2022 mitundu yonse ya Pterocarpus ya mu Africa, kuphatikizapo mlombwa, inaikidwanso pa mndandandawo pamodzi ndi mbawa. Kabwato ka masentimita 60 sikafuna kugwetsa mtengo. Chidutswa cha chitseko chakale kapena mwendo wa bedi lothyoka n'chokwanira, ndipotu chimaposa mtengo watsopano chifukwa chinauma kalekale.

Kuuma kwa mtengo ndi nkhani imene imagwetsa amisiri ambiri, ndipo chifukwa chake ndi njala ya tsiku limenelo, osati umbuli. Mtengo wauwisi umasemeka ngati mbatata, ntchito imatha msanga, ndalama imalowa. Koma Lusaka imakhala yopanda mvula kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imayamwa chinyezi chonse. Kabwato kosemedwa kauwisi mu Malichi kamafika mu Sepitembala katang'ambika pamphuno. Mtengo sukhwinyata mofanana: m'litali pafupifupi susintha, koma m'lifupi umachepa, ndipo kunsonga kumauma msanga kuposa pakati. Ming'alu imayambira pakamtima kaja ka pakatikati pa chipika n'kumafalikira kunja. Aliyense amene anayendapo pagombe anaona mabwato okhomedwa zigamba za malata ndi phula kumphuno ndi kuthako. Ndi malo okhawo amene kamtimako kamatsala bwato likakumbidwa. Wosema bwato lenileni alibe kothawira, chifukwa amafuna mtengo wathunthu. Wosema kabwato ali ndi mwayi wong'amba chipika pakati n'kutenga mbali yopanda kamtima. Akatero amapaka penti kapena phula la kandulo kunsonga zonse ziwiri, n'kuika chidutswacho pamthunzi podutsa mphepo. Sikelo ya pamsika imathandiza: chidutswa chikasiya kupepuka sabata ndi sabata, ndiye kuti chauma. Mbali yoyera ya kunja, ya pansi pa khungwa, iyenera kuchotsedwa yonse, pakuti ndi imene imafumbwa. Kabwato konyezimira vanishi koma kogwetsa ufa pa shelefu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yakale kuposa zonse ndi yosema thunthu kuchokera m'chipika chimodzi, monga mmene amasemera bwato lenileni. Chipika chimayamba chapalidwa ndi pulena kuti chikhale ndi mbali zinayi zowongoka. Kenako pamalembedwa mzere wapakati, kuchokera kumphuno mpaka kuthako, pamwamba ndi pansi pomwe. Mzere umenewu ndiwo mwini ntchito. Ukafufutika ndi kasemasema uyenera kulembedwanso nthawi yomweyo, chifukwa miyeso yonse imachokera pa iwo. Sowo imadula maonekedwe a cham'mbali, kenako a pamwamba, ndipo chotsala chimakhala chinthu cha makona chimene chikungoyamba kufanana ndi bwato. Kasemasema amachotsa makonawo, tupa amasalaza, katoni zija zikuyesedwa pafupipafupi. Chida chiyenera kutsata mitsempha ya mtengo, kuchoka pamimba kutsikira kunsonga. Chikabwerera chokwera chimang'amba chibanthu chachikulu, ndipo chimene chachoka sichibwereranso.

Kunja kumayenera kutha kaye m'kati musanakumbidwe. Chifukwa chake n'chakuti kunja ndi kumene madzi amakhudza, ndiye maonekedwe ake sasinthidwa kuti agwirizane ndi dzenje. Dzenje ndilo limatsata kunja. Pokumba, ena amayamba aboola mabowo angapo ndi chiboolero chomangidwa kansalu posonyeza polekezera, kenako tchizulo ya kamwa lopindika imalumikiza mabowowo. Nthiti zikayamba kupyapyala, nyundo imaikidwa pansi ndipo tchizulo imakankhidwa ndi dzanja lokha. Pano mmisiri amayesa ndi zala, chala chachikulu kunja ndi chamkombaphala m'kati, kuyenda nazo kuchokera kumphuno mpaka kuthako. Zala zimamva kusiyana kumene diso siliona. Pa mtengo woyera ngati jakaranda, kuloza kabwato kudzuwa kumaonetsa malo amene apyapyala kwambiri, chifukwa kuwala kumadutsa. Pansi pamasiyidwa pochindikala kuposa m'nthiti, ndipo mphuno ndi thako zimasiyidwa zolimba, monga zimakhalira pa bwato la msodzi.

Chipika chachikulu chouma bwino chikasowa, pali njira yosanjikiza matabwa. Thunthu limagawidwa m'magawo ogona, ngati kuti madzi akwera pang'onopang'ono n'kumasiya mzere pa nthiti. Gawo lililonse limadulidwa pa thabwa lake, pakati pake n'kubooledwa, kenako onse amamatidwa ndi guluu n'kumangidwa zolimba ndi malegeni mpaka kutacha. Chotuluka chimaoneka ngati masitepe, ndipo ntchito yotsala ndi kusema masitepewo mpaka atafafanizika. Ubwino wake ndi wakuti mizere ya guluu imalondolera mmisiri, ndiponso thunthu lotere silipindika msanga. Njira imeneyi ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1800, amisiri a zombo ku Ulaya ndi ku America ankayamba asema theka la thunthu ndi matabwa osanjikiza. Mwini chombo akakhutira, ankamasula matabwawo n'kuyesa lililonse, miyesoyo n'kuikulitsa pansi m'nyumba yopangira zombo. Kachombo kanali koyamba, chombo chenicheni chinkabwera pambuyo pake.

Njira yachitatu ndi yomanga thunthu monga mmene boti lamatabwa limamangidwira, ndipo ndi yovuta kuposa zinazo. Msana umaimikidwa pa thabwa lowongoka kuti usapotoke. Pamsanapo pamakhomedwa nthiti, kapena zidutswa za pulayiwudi zodulidwa motsata katoni zija, chilichonse chitaima chilili. M'mphepete mwa nthiti mumapalidwa mopendekera kuti thabwa likamadutsa ligone bwino pa nthiti iliyonse, osangokhudza ngodya. Matabwa ake ndi timizere topyapyala, ta milimita imodzi kapena mamilimita awiri. Timaviikidwa m'madzi otentha kuti tifewe, n'kupindidwa pang'onopang'ono pa chitini kapena pa botolo, n'kusiyidwa kuti tiume tili chipindikire. Kathabwa kokakamizidwa kouma kamathyoka, kapena kamakoka msana n'kuukhotetsa. Pachifukwa chomwecho timatabwa timamatidwa mosinthana, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere. Chinthu china chimene wophunzira amachizindikira mochedwa n'chakuti mimba ndi yotakata kuposa mphuno, pamene chiwerengero cha matabwa n'chimodzi. Kathabwa kalikonse kayenera kusongoka polowera kunsonga. Kakapanda kutero, matabwa amaunjikana pamphuno mimba isanatsekeke.

Njira imeneyi ndi imene imayenera Nalikwanda, bwato limene osema a ku Zambia amakonda kulifanizira kuposa ena onse. Nalikwanda ndi bwato lachifumu la Litunga, mfumu ya Alozi. Pa mwambo wa Kuomboka, mawu otanthauza kutuluka m'madzi, limanyamula mfumu kuchokera ku Lealui, m'chigwa chosefukira cha Zambezi, kupita ku Limulunga kumtunda, ulendo wa maola ngati asanu ndi limodzi. Mwambowu umachitika kumathero kwa dzinja, cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo chaka cha madzi ochepa umatha kulephereka. Opalasa amaposa 100, amaimirira m'mizere iwiri atavala zikopa ndi zisoti zofiira. Pakati pali denga lozungulira, pamwamba pake njovu yakuda, ndipo utsi wa moto wa m'bwatomo umauza anthu akutali kuti mfumu ili moyo. Ng'oma zachifumu za maoma ndi zimene zimaitana opalasa mwambo usanayambe.

Wogula akaona Nalikwanda wamng'ono pamsika, maso ake amathamangira pa njovu, pa mizere yakuda ndi yoyera, ndi pa tianthu topalasa. Amisiri akudziwa zimenezi, ndiye ena amathera masiku pa njovu n'kupatsa thunthu theka la tsiku. Pamenepo mpolakwika. Nalikwanda ndi bwato lamatabwa, lalitali kwambiri, lotakata ndi losazama, chifukwa limadutsa pamwamba pa udzu womira ndi m'ngalande zonga zimene zinakumbidwa m'nthawi ya Litunga Lewanika. Kutakata kwake n'kumene kumalola anthu oposa 100 kuimirira ndi kupalasa pamodzi bwato osagudubuzika. Kabwato kakafupikitsidwa kuti kakwane m'chikwama cha mlendo, njovu n'kukula ngati theka la thunthu, chimene chatayika ndi nzeru ya amisiri a ku Barotse amene anadziwa kunyamula khamu pamadzi ofika m'chiuno. Ulemu wa bwatolo uli m'litali mwake. Mlozi wokhala ku Chelstone kapena ku Woodlands amene akufuna kuonetsa ana ake za kwawo ayenera kulandira kabwato konena zoona.

Thunthu likaumbika, limasalazidwa. Phale la botolo limapala bwino kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo silidya ndalama. Sandipepa amayamba wokhakhala n'kumalizira wosalala, nthawi zonse motsata mitsempha, atakulungidwa pa kathabwa kuti asakumbe maenje. Timipata timatsekedwa ndi utuchi wa mtengo womwewo wosakaniza ndi guluu. Pamsika zosema zambiri zimapakidwa polishi wa nsapato kapena wa pansi, ndipo pa kabwato ka pa shelefu palibe cholakwa, malinga polishiyo asakhale wobisira wogula kuti mtengo woyera wasandutsidwa wakuda. Mlombwa sufuna zambiri: mafuta pang'ono ndi nsalu zimatulutsa maanga ake. Kabwato kopita pamadzi n'kosiyana. Guluu woyera wa akalipentala amafewa akanyowa, choncho pamafunika guluu wosalowa madzi, uja wosakaniza kuchokera m'machubu awiri. Vanishi kapena penti yamafuta imapakidwa katatu kapena kanayi, kunja ndi m'kati momwe. Kupaka kunja kokha kumachititsa kuti mbali imodzi ya thabwa imwe chinyezi inzake ili youma, ndipo thunthu limapindika.

Mayeso omaliza ndi madzi, ndipo beseni lochapira ndi lokwanira. Lamulo limene Archimedes anapeza zaka zoposa 2,000 zapitazo limati chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho chomwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kabwato ka magalamu 500 kamamira mpaka katakankha theka la lita. Beseni limaulula zonse zimene mmisiri anabisa. Kabwato kakapendekera kumanzere, nthiti ya kumanzere ndi yochindikala. Mphuno ikazyolika, kutsogolo sikunakumbidwe mokwanira. Kakagudubuzika, kulemera kwakwera pamwamba, ndipo izi zimachitika kawirikawiri ndi Nalikwanda wa njovu yosakumba m'kati. Mankhwala ake ndi kupepuza zapamwamba ndi kuika kachitsulo kapena mtovu pansi penipeni pa mimba. Kabwato ka matanga kamafuna zambiri kuposa apa, chifukwa bwato likamachepa, mphamvu yake yodziwongola imachepa msanga kuposa mphamvu ya mphepo yolikankha. N'chifukwa chake timabwato ta mpikisano timakhala ndi msana wolendewera pansi umene, poyerekeza ndi kukula kwake, ndi wautali kuposa wa bwato lalikulu.

Kuyesa kabwato pamadzi si masewera a ana okha. William Froude, katswiri wa ku England, anamanga dziwe loyesera ku Torquay kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1870, n'kumakokamo timathunthu tating'ono kuti adziwe mmene chombo chenicheni chidzalimbanirane ndi madzi. Njira yake ikugwirabe ntchito popanga sitima zazikulu. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Misisi amene amayandamitsa kathabwa m'madzi osefukira a mu Januwale akufunsa funso lomwelo, ngakhale kuti madzi amenewo ndi oopsa ku thanzi lake ndipo beseni la pakhomo lingamuphunzitse bwino koposa. Ana a m'makomboni amene amapinda mawaya n'kupanga magalimoto ali kale ndi diso la muyeso. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zikanawapatsa chidutswa cha paini ndi katoni, phunziro limodzi likananyamula masamu, sayansi ndi ukalipentala.

Palinso chifukwa china chosemera thunthu mokhulupirika. Mu 1920 Herbert Winlock anapeza timabwato tamtengo m'manda a Meketre, nduna ya ku Egypt, pafupi ndi Luxor. Tinasemedwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ndipo lero tina tili ku Cairo, tina ku Metropolitan Museum ku New York. Mabwato amene ankayenda pa Nile masiku amenewo pafupifupi onse anawola, koma akatswiri amaphunzira maonekedwe ake, makhalidwe a opalasa ndi mamangidwe a chiwongolero kuchokera pa timabwatoto, chifukwa amisiri ake sananame. Kuno zinthu zikusintha anthu akuona. Pa Kafue, pa Kariba ndi pa Bangweulu mabwato a faiba, amene anthu amawatcha banana, akulowa m'malo mwa mabwato osema. Kunyanja ya Malawi mitengo ikuluikulu ya mbawa ndi mlombwa yatha m'madera ambiri, ndipo asodzi akusema mango ndi mitengo ina yosakhalitsa. Mmisiri wodziwa kupinda milomo ya bwato la usipa, kapena kuwonda koyenera kwa mukolo, akukalamba. Kabwato ka masentimita 60 kosemedwa motsata miyeso ya bwato lenileni kakhoza kudzakhala umboni wokhawo wa maonekedwe amenewo m'nyumba ya mdzukulu wobadwira ku Kabulonga.

Pa masiku amene kabwato kabwino kamadya, ambiri amathera pa thunthu, koma pamsika mtengo wake umakambidwa poyang'ana zokongoletsa. Malinga zili choncho, mmisiri wosamala amaluza ndipo wothamanga amapindula. Wogula ali ndi gawo lake pokonza zimenezi. Akafika ku Northmead kapena ku Kabwata, atembenuze kabwato n'kuyang'ana mimba kuchokera kumphuno, aone ngati msana wawongoka ndi ngati nthiti zikufanana. Ayendetse zala m'milomo, afufuze ming'alu kunsonga ndi timabowo ta kufumbwa. Afunse dzina la mtengo, ndiponso afunse kuti bwatolo ndi la madzi ati. Mmisiri amene wayankha mafunso awiriwa mosadodoma, thunthu lake n'kukhala lowongoka, alipidwe mtengo umene watchula.